Kazitape wa pa Kanema ndi Kazitape wa Pakhomo

Dzuwa likangolowa kuseri kwa mapiri a ku Angonia, pa Mlangeni pamayamba kumveka phokoso limene makolo athu sadalidziwe. M'tinyumba toonetseramo kanema, m'magolosale, ndi m'makomo momwe mudafika magetsi kapena sola, mumatuluka kulira kwa mfuti, kuphulika kwa mabomba ndi mkokomo wa galimoto zothamangitsana. Mukasuzumira mkati mupeza anyamata atapanikizana pa mabenchi, maso onse pa kanema osaphethira. Panja ena agundanitsa mitu pa foni imodzi. Nkhani zambiri zimene zimawagwira mtima chotere ndi za akazitape, anthu a maina awiri kapena atatu, oyenda ndi mfuti yobisa m'jekete, amene ntchito yawo ndi kufufuza zinsinsi za adani ndi kupulumutsa dziko lawo nthawi isanathe. Ndipo tisanamizire ana okha. Alipo abambo olemekezeka, ngakhalenso amayi amene m'mawa amatsogolera kwaya, amene nsima imawazizirira m'mbale podikira kuti aone mathero a gawo lina.

Zimenezi n'zachilendo ndithu pakati pathu. Nthawi yonse ya ulamuliro wa Dr. H. Kamuzu Banda dziko lino lidalibe nyumba yakeyake youlutsira kanema; Television Malawi idayamba ntchito m'chaka cha 1999. Koma m'zaka zowerengeka chabe taphunzira maina a anthu amene sadakhalepo ndi moyo, monga James Bond ndi Jack Bauer, ndipo tikuwadziwa bwino kuposa nyakwawa za m'midzi yoyandikana nafe. Anyamata aluso amene amamasulira mafilimu m'Chichewa, nathiramo nthabwala zawozawo, achititsa kuti kazitape wa ku America azilankhula ngati mnyamata wogulitsa kachewere pa Lizulu. Tsono nkoyenera kuti tidzifunse: kodi n'chiyani chimene chimatikoka m'nkhani zimenezi? Nanga pamene tikuwombera m'manja kazitape, tikuvomereza chiyani mumtima mwathu?

Yankho loyamba si lochititsa manyazi. Munthu amakonda kuona nzeru zikugonjetsa mphamvu. Agogo athu ankatisimbira za Kalulu, kanyama kopanda nyanga, kamene kankapusitsa Njovu, Mkango ndi Fisi. Ndipo ife ana tinkavomera nthanoyo mitima ili dyokodyoko, ngakhale tinkadziwa bwino lomwe kuti Kaluluyo ndi wabodza ndiponso wakuba. Kazitape wa pa kanema ndi Kalulu wovala suti. Amalowa yekha m'linga la adani, nasintha dzina, nanamiza alonda, natuluka ndi chimene adadzera. Munthu amene tsiku lonse wakhala wochepa pamaso pa bwana wake, pamaso pa wogula mbewu amene amadula yekha mtengo, kapena pa mzere wautali wa ku chipatala, amapeza chitonthozo madzulo poona munthu mmodzi akuzunguza mitu akuluakulu. Palinso njala ya zobisika. Mtima wa munthu sukhutira ndi zimene zalengezedwa pa wailesi. Umakhulupirira kuti kuseri kwa nkhani iliyonse kuli nkhani ina imene eni dziko akubisa, ndipo kanema wa akazitape amakhala ngati watitsegulira chitseko cha chipinda chimene pa moyo wathu wonse sitidzalowamo. Ian Fleming, amene adapeka James Bond, adagwirapo ntchito ya zachinsinsi m'gulu la nkhondo la pamadzi la ku Britain pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Motero owerenga ake ankaona ngati akuwatsina khutu, ngakhale kuti Bond mwini wake, amene adayamba kuonekera m'buku mu 1953 ndi m'filimu mu 1962, amathera nthawi yambiri pa juga, pa mowa ndi pa akazi kusiyana ndi pa ntchito.

Koma chimene chimatikoka koposa, m'kuona kwanga, ndi chilungamo chofulumira. Tonsefe tikudziwa mmene mlandu umayendera: wakuba ng'ombe agwidwa lero, mawa ali pa belo, mlandu uimitsidwa kasanu, mboni zitopa ndi ulendo wa ku boma, mwini ng'ombe nataya mtima. Pa kanema zotere kulibe. Woipa adziwika, athamangitsidwa, agwidwa, ndipo gawo lisanathe walandira mphotho yake. Sewero lotchedwa 24, limene lidayamba kuonetsedwa ku America mu November 2001, patangopita miyezi 2 chichitikire chiwembu cha pa 11 September, lidamangidwa pa njala imeneyi. Nkhani yonse ya chaka imachitika m'tsiku limodzi, logawidwa m'maola 24, ndipo koloko imawerenga mphindi pamaso pa woonera. Bomba liphulika posachedwa. Anthu zikwizikwi afa. Munthu mmodzi womangidwa pa mpando akudziwa kumene bombalo lili, koma akukana kuulula. Jack Bauer alibe nthawi yodikira loya kapena woweruza. Amupweteka munthuyo mwankhanza, iye aulula, mzinda upulumuka. M'kanyumba ka kanema anyamata aimba mluzu.

Nanga ife tikadakhala pamenepo tikadachita chiyani? Funso limeneli ndi lolemera, ndipo sindifuna kulipeputsa. Koma taonani chimene wolemba sewero watichitira mwakachetechete. Watikhazika pambali pa kazitape, natibwereka maso amene munthu aliyense wamoyo alibe. Ife oonera tamuona kale womangidwayo akutchera bomba. Tamva kale zimene adapangana ndi anzake usiku. Tikudziwa kuti ndi wolakwa, tikudziwa kuti bomba lilipodi, tikudziwanso kuti akamva kuwawa anena zoona. Chifukwa cha kudziwa kumeneku chikumbumtima chathu chimagona tulo, ndipo nkhanza imaoneka ngati mankhwala owawa koma ochiritsa. Kudziwa za mumtima mwa munthu mopanda chikayiko chotere n'kwa Mulungu yekha. Kazitape weniweni amagwira ntchito ndi mphekesera, ndi kalata yopanda dzina, ndi mawu amene munthu adalankhula ataledzera, ndi lipoti la mnansi amene mwina akulimbirana munda ndi wonenezedwayo. Wolemba sewero ndiye amene adatchera bomba, ndiyenso amene adalemba kuti womangidwayo aulule zoona. Nanga kazitape wake angalakwitse bwanji?

Makolo athu nawonso adali ndi njira yawo yotulutsira zobisika msangamsanga. Munthu akaganiziridwa za ufiti ankamwetsedwa mwabvi. Akasanza ndiye kuti alibe mlandu, akafa ndiye kuti adalidi mfiti. Kwa omwetsa, ubwino wa njirayi udali wakuti sinkalephera, pakuti wakufa sabwera kudzatsutsa chigamulo. Boma la atsamunda lidaletsa mwabvi ndi lamulo la 1911, ndipo lero palibe amene angaimirire mu mphakati kupempha kuti uyambirenso. Komabe kuzunza munthu kuti aulule ndi mwabvi womwewo m'chikho chatsopano. Wozunzidwa amanena chilichonse chimene womuzunza akufuna kumva, natchula ngakhale maina a anthu osalakwa kuti mkwapulo uleke. Otchulidwawo nawonso akagwidwa amatchula ena, ndipo wofufuza, poona mndandanda ukutalika, amakhulupirira kuti watulukira chiwembu chachikulu.

Wina anganene kuti sewero ndi sewero basi, palibe amene amalitenga ngati chiphunzitso. Asilikali a ku America eni ake sadaganize choncho. Mu November 2006 mkulu woyang'anira maphunziro pa sukulu ya asilikali ya West Point, Brigadier General Patrick Finnegan, adapita kukakumana ndi okonza sewero la 24 kukawapempha kuti achepetse zozunza anthu, chifukwa ophunzira ake adayamba kukhulupirira kuti msilikali wokonda dziko lake ayenera kuchita monga Jack Bauer. Mu December 2014 komiti ya nyumba ya Senate ya dziko lomwelo idatulutsa lipoti lonena kuti nkhanza zimene bungwe la akazitape la CIA lidachitira akaidi ake sizidali njira yothandiza kupeza zoona. Nkhaniyi ikutikhudza ifenso, pakuti pano pa Mlangeni pali sukulu yophunzitsa apolisi. Anyamata ndi atsikana amene amabwera kudzaphunzira pamenepa adakulira m'tinyumba ta kanema monga anzawo onse. Aphunzitsi awo ali ndi miyezi yowerengeka yowaphunzitsira kuti malamulo aakulu a dziko lino amaletsa kuzunza munthu, ndi kuti womangidwa ayenera kuonekera ku khoti pasanathe maola 48. Pamene kanema wakhala nawo chiyambire ubwana wawo, akuwaphunzitsa kuti mwamuna weniweni amatsiriza zonse yekha m'maola 24. Ntchito ya aphunzitsi amenewa si yochepa, ndipo imayambira m'makomo mwathu.

Pali chinthu china chimene chimandidabwitsa kwambiri. Mwa anthu onse a pa dziko lapansi, ife Amalawi, makamaka ife a ku Ntcheu, sitiyenera kuchita kuuzidwa ndi kanema kuti kazitape ndi ndani. Tidakhala naye zaka 30. Koma sitidakhale pambali pake monga pa kanema. Tidali kutsogolo kwa maso ake. Amene ali ndi imvi akukumbukira masiku amene munthu ankayamba wacheuka asanayankhe funso la mtengo wa feteleza. Pamene pa mowa, mlendo akangokhala pansi, nkhani inkasanduka ya mvula. Pamene bambo ankatseka zenera ndi kutsitsa wailesi asanatsegule BBC, nachenjeza ana kuti asakanene kusukulu. Kazitape wa masiku amenewo sankavala suti. Ankatha kukhala mnzako wa ku ntchito, wapampando wa nthambi ya chipani, wa Payoniya, kapena mlamu wako amene. Anthu ankamutcha kapirikoni, dzina lochokera ku bungwe la Capricorn Africa Society la m'masiku a Chitaganya, limene mamembala ake achikuda ankaganiziridwa kuti akugulitsa anzawo kwa azungu. A Mboni za Yehova, amene ankakana kugula khadi la chipani, adathawa mwaunyinji mu 1972, ndipo ambiri adadzakhala m'misasa kutsidya kwa malire, kufupi ndi kuno. Amene ankaloza makomo awo nthawi zambiri sadali alendo.

Sam Mpasu, mwana wa boma lino la Ntcheu amene pambuyo pake adadzakhala Sipikala wa Nyumba ya Malamulo, adagwidwa mu 1975 chifukwa cha buku la nthano limene adalemba, lotchedwa Nobody's Friend. Omugwira adaganiza kuti munthu wopanda bwenzi wotchulidwa pa chikuto cha bukulo ndi Pulezidenti. Adakhala m'ndende zaka 2, nthawi yambiri ku Mikuyu, osazengedwa mlandu. Palibe bomba limene lidapezeka, pakuti bomba kudalibe. Amene adamupanikiza ndi mafunso adali Focus Gwede, mmodzi wa akuluakulu a Special Branch, nthambi ya apolisi yoona zachinsinsi. M'zaka zimenezo dzina la Gwede, pamodzi ndi la Albert Muwalo Nqumayo, nduna ndiponso mlembi wamkulu wa Malawi Congress Party, nayenso wa kuno kwathu, linkanjenjemeretsa dziko lonse. Koma mu 1976 awiriwo adagwidwa, ndipo mu 1977 adaweruzidwa kuti aphedwe pa mlandu woukira boma, m'khoti la makolo momwe loya sankaloledwa. Muwalo adanyongedwa, chilango cha Gwede chidasinthidwa kukhala ndende, ndipo adatuluka mu 1993. Chigayo chimene chidawagaya ndi chomwecho chimene iwo ankachithira mafuta. Sindikutchula zimenezi pofuna kunyoza akufa, amene ali ndi ana ndi adzukulu pakati pathu. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndikuzitchula chifukwa munthu wololedwa kuchita chilichonse m'dzina la chitetezo cha dziko, amene timamusirira pa kanema, ife tidamuona ndi maso athu, tidaonanso mathero ake.

Mu May 1983 nduna 3, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adapezeka atafa m'galimoto ku Thambani m'boma la Mwanza, ndipo dziko lidauzidwa kuti adachita ngozi ya pamsewu. Komiti yofufuza imene idakhazikitsidwa mu 1994 idapeza kuti adachita kuphedwa ndi apolisi. Ntchito imeneyo idali ndi zonse zimene timakonda pa kanema: ulendo wa usiku, lamulo lonong'onezana, ngozi yopeka. N'kuthekanso kuti ena mwa amene adatumidwa adauzidwa kuti akupulumutsa dziko. Maganizo akuti munthu mmodzi angathe kutayidwa pofuna kusunga mtundu si atsopano. Tidawamva kale kwa Kayafa, ndipo tikumudziwa amene adatayidwayo.

Kuwonjezera pa anthu amene adasowa, ukazitape wa mtundu umenewo udatibera chinthu chimene sichibwerera msanga, ndicho kukhulupirirana. Mudzi umayenda ndi mawu. Nkhoswe imanga banja ndi mawu, mboni ithetsa mlandu wa malire ndi mawu, ngongole ya chimanga ya m'mwezi wa February imaperekedwa pa mawu chabe. Tsono anthu akaphunzira kuti mawu aliwonse angathe kukafika kwina atapotozedwa, amayamba kulankhula ndi pakamwa pokha, mtima uli kwina. Mwana amaphunzira kuti pali zonena za m'nyumba ndi zonena za pabwalo. Wodziwa zoona amakhala chete, wofuna udindo wa mnzake amapeza njira yachidule. Ndende ya Mikuyu idaleka kusunga andale zaka zambiri zapitazo, koma kufikira lero alipo akuluakulu amene amatsitsa mawu potchula boma, ngakhale ali m'nyumba mwawo momwe. Pa kanema kazitape amanamiza mkazi wake, mnzake ndi bwana wake, ndipo gawo lotsatira onse amukhululukira chifukwa adali ndi cholinga chabwino. Pakhomo sizitha choncho.

Ife a m'malire tili ndi umboni winanso. Msewu wa M1 umene umadutsa pano umayenda m'malire enieni, mbali iyi Malawi, mbali iyo Mozambique, ndipo anthu a mbali zonse ziwiri ndi amodzi pa chilankhulo, pa maliro ndi pa maukwati. Gulu la Renamo, limene anthu ankalitcha Amatsanga potengera dzina la mtsogoleri wake woyamba André Matsangaissa, lidaleredwa ndi bungwe la akazitape la Rhodesia lotsogozedwa ndi Ken Flower, pofuna kusokoneza boma la Frelimo limene linkasunga asilikali a Robert Mugabe. Rhodesia itasanduka Zimbabwe mu 1980, akazitape a gulu la nkhondo la South Africa adalitenga gululo nalipatsa zida. Nkhondoyo idali ndi zifukwa zakenso za m'dziko momwemo, ndipo mbali zonse ziwiri zidachita zoopsa. Komabe amene adakoleza moto adali anthu a m'maofesi akutali, okhala ndi mapu pakhoma, amene kwa iwo imeneyi idali ntchito yanzeru ndi yotsika mtengo. Chimene chidafika kuno, makamaka kuyambira mu 1986, ndi amayi a ku Angonia akuwoloka msewu ndi mitolo pamutu, ana kumsana, ndi masitolo a kutsidya atasanduka mabwinja a zipsera za zipolopolo. Dziko lino lidasunga othawa kwawo pafupifupi 1 miliyoni, ochuluka ndithu m'maboma a Ntcheu ndi Dedza, kufikira mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992. Pa kanema galimoto ikaphulika pakati pa msika, kamera imathamangira kazitape. Sibwerera kukaona mayi wogulitsa tomato amene adali pafupi. Mayi ameneyo alibe dzina m'seweromo, pakuti adaikidwapo kuti msika uoneke wodzaza. M'sewero la akazitape a Rhodesia ndi South Africa, anthu odzazitsa msika tidali ife ndi abale athu a kutsidya.

Tsono kodi dziko lingakhale popanda akazitape? Iyayi, ndipo kunena choncho kungakhale kudzinamiza. Pa msewu womwewu pamadutsa ozembetsa anthu; alipo opha abale athu achialubino, alipo akuba mankhwala a m'zipatala, ndipo anthu otere sagwidwa ndi wapolisi wobwera ataliza belu. Mose yemwe adatuma azondi 12 kukaona dziko la Kanani. Lero dziko lathu lili ndi bungwe la National Intelligence Service, lokhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo. Funso lenileni ndi la malire: kodi munthu wofuna zabwino angafike pati pobisa, ponamiza ndi popweteka?

Funso limeneli lidafikapo kwa Augustino Woyera, episkopi wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, cha m'chaka cha 420. Ku Spain kudali gulu la otsatira Priscillian, amene ankabisa chiphunzitso chawo nadzionetsa ngati Akatolika. Munthu wina wachangu, dzina lake Consentius, adalembera Augustino za njira yowagwirira: Akatolika ena adzinamize kuti nawonso ndi a gululo, alowe mkati, adziwe maina, kenaka aulule. Umenewu udali ukazitape weniweni, ndipo cholinga chake chidali kuteteza Mpingo. Augustino adakana, nalemba buku lathunthu lotsutsa bodza. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chofunika kuchisinkhasinkha: munthu amene wamukola ndi bodza, tsiku limene udzafune kumuuza zoona adzakukhulupirira bwanji? Adzaganiza kuti ukumutcheranso msampha wina. Amene wadzipatsa chilolezo chonama chifukwa cha choonadi wadula nthambi imene wakhalapo. Koma Augustino sadanene kuti chinsinsi chilichonse ndi tchimo. M'buku lina adayamikira Firmus, episkopi wa ku Thagaste, mudzi wobadwira Augustino mwini, amene adabisa munthu wofunidwa ndi amithenga a mfumu. Atamufunsa, Firmus adawauza poyera kuti kunama sanganame, komanso munthuyo sangamupereke. Adamuzunza, iye osatsegula pakamwa. Ndipo atafika naye kwa mfumu, mfumuyo idachita naye chidwi kotero kuti idakhululukira munthu wobisidwayo.

Chiphunzitso cha Augustino n'cholimba, ndipo aphunzitsi ambiri a Mpingo amene adadza pambuyo pake adalimbana nacho. Ine sindikhulupirira kuti wapolisi amene wabisa dzina lake pakati pa ozembetsa ana wachimwa mofanana ndi kapirikoni. Koma kusiyana kwawo sikuli pa cholinga chokha, pakuti kapirikoni nayenso ankati akutumikira dziko. Kusiyana kuli pa kumene chinsinsicho chikathere. Chinsinsi cha wapolisi wokhulupirika chimakathera ku bwalo la milandu, masana dzuwa likuswa mtengo, kumene iye adzaimirira, natchula dzina lake lenileni, nayankha mafunso a loya wa woimbidwa mlandu. Ndipo ngati adalakwitsa, wosalakwayo apita kwawo ali wamoyo. Chinsinsi cha Jack Bauer, monga cha ku Thambani, chimakathera m'manda ndi m'mapepala otenthedwa. Firmus adalola kuti thupi lake lomwe lipwetekedwe posunga mnzake. Ngwazi ya pa kanema imapweteka thupi la wina. Onse awiri ndi olimba mtima, koma si kulimba mtima kwa mtundu umodzi.

Sindikupempha makolo kuti aphwanye makanema kapena alande mafoni. M'masiku aja bungwe la Censorship Board, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, linkatisankhira zowerenga ndi zoonera, koma silidatisandutse oyera mtima. Ndiponso si nkhani zonse za akazitape zimene zili zabodza. John le Carré, amene adagwirapo ntchito imeneyi ku Britain, adalemba za akazitape otopa, osungulumwa, amene amapereka anzawo ndipo iwonso amaperekedwa ndi mabwana awo. Munthu akatsiriza nkhani zotere saimba mluzu. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti m'nyumba zambiri agogo amene ankatseka zenera asanatsegule wailesi amakhala m'chipinda chimodzi ndi mdzukulu amene akuchemerera Jack Bauer, ndipo agogowo sanena kanthu, mwina chifukwa chizolowezi cha kukhala chete sichidawachoke. Mdzukuluyo amadziwa misewu ya ku Los Angeles, koma za Mikuyu sadamvepo. Gawo likatha, bwanji osamufunsa mwanayo kuti kazitapeyo adadziwa bwanji kuti munthu uja ndi wolakwa, nanga akadakhala kuti womangidwa pa mpandoyo ndi amalume ake?

Ndipo ngati ana akufuna nkhani ya chinsinsi chosungidwa mwaluso pakati pa adani, tili nayo yathuyathu. Kumayambiriro kwa chaka cha 1992 Aepiskopi a Mpingo wa Katolika m'dziko muno, motsogozedwa ndi Ambuye James Chiona, adalemba kalata ya nyengo ya Lenti yonena za umphawi, za maphunziro, za zipatala, ndi za mantha amene adakuta dziko. Kalatayo idasindikizidwa mwakachetechete kwa a Montfort ku Balaka, ndipo makope zikwizikwi adafika m'maparishi onse, boma la makutu ponseponse osamva kanthu. Palibe amene adamenyedwa kuti ntchitoyi itheke, ndipo pansi pa kalatayo padali maina enieni a olemba ake. Pa 8 March 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, idawerengedwa mokweza m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse. Patapita masiku 2 Aepiskopi adaitanidwa ku polisi ya Kanjedza ku Blantyre, kumene adafunsidwa mafunso kwa maola ambiri. Boma lidalengeza kuti kupezeka ndi kalatayo ndi mlandu. Nyumba yosindikizira ya ku Balaka idatenthedwa. Monsignor John Roche wa ku Mzuzu adathamangitsidwa m'dziko mu April. Pa 14 June 1993 Amalawi adaponya voti yosankha ndale za zipani zambiri. Ena mwa amene adamva kalatayo ikuwerengedwa tsiku limenelo m'matchalitchi a dayosizi ino ya Dedza akadali nafe. Afunseni zimene zidachitika m'tchalitchimo wansembe atafika pa ndime yonena za anthu osungidwa m'ndende popanda kuzengedwa mlandu.